Batire la Mwana wa Kum

Chichotsereni basi ya kumudzi kwawo, Senka anatsala ndi njira imodzi yokha yotsikira phiri, njinga yake yamagetsi. Basiyo anaichotsa ati okwera achepa, ndipo sananame. Ku Jazovnik kunatsala nkhalamba, agalu ndi minda ya mphesa. Senka, wa zaka makumi atatu ndi ziwiri, anatsala nawo chifukwa cha amayi ake, mayi Milka, amene chiuno chinkawavuta moti sakanatha kudzuka pabedi popanda wowagwira. Achimwene ake, a Tihomir, ankakhala nyumba yoyandikana nayo ndipo galimoto anali nayo, kungoti inali ndi matenda achilendo. Inkadwala tsiku lililonse limene Senka wafuna kupita kwina.

Njingayo anamusankhira ndi Kosta, wokonza ndi kugulitsa njinga m'tauni ya Ruma. Senka anafuna yofiira, yopepuka, yomwe inali pawindo. Kosta anakana. Anati njinga sasankhira maso, amasankhira phiri limene munthu akukhala, ndipo anamutulutsira yotuwa, yolemera ngati mwana wa ng'ombe, ya mota pakati pa mapedulo. Anamuzungulitsa pabwalo katatu, akutsitsa chishalo pang'onopang'ono mpaka phazi linafika pansi bwino. Ulendo wachitatuwo dzanja lake linachedwa kuchoka pamwamba pa dzanja la Senka pa chiwongolero, ndipo Senka sanalichotse. Nkhani yawo inayambira pamenepo.

Vuto linali limodzi, koma lalikulu. Bambo ake a Kosta, a Jevrem, ndiwo kum wa banja la Senka. Ndiwo anaima kumbuyo kwa makolo ake pa ukwati, ndiwonso ananyamula Tihomir ndi Senka yemweyo pa ubatizo. Kwathu kuno ubale umenewo umaposa wa magazi. Ana a mabanja awiriwo ndi munthu ndi mlongo wake, ndipo mayi Milka akanalola kudula dzanja kusiyana ndi kumva kuti ubalewo wadetsedwa.

N'chifukwa chake panalibe wowaganizira. Senka akati akupita kwa Kosta, mabuleki akulira, amayi ake ankamukulungira chitumbuwa cha tchizi n'kunena kuti akamupatse moni mlongo wake. Mabuleki a njinga imeneyo analira chilimwe chonse.

*

Chisanu chitafika zinthu zinasintha. Batire limadana ndi kuzizira. Ulendo umene m'chilimwe unkadya timizere titatu mwa tisanu ta pa kagalasi ka pachiwongolero, mu Disembala unkafuna tonse ndi kuwonjezera. Lachinayi limenelo Senka anatsikira ku Irig kukagula mankhwala a amayi, kenako anapitirira mpaka ku Ruma mphepo ikumuwomba kumaso, ndipo anafika kwa Kosta ndi kamzere kamodzi kokha.

Kosta anatseka chitseko, anamugwira manja ozizirawo n'kuwalowetsa m'jekete lake, akumukalipira kuti wayendanso pa mphamvu yapamwamba njira yonse ngati akuthamangitsidwa. Senka anati inde akuthamangitsidwa. Ndipo anamuuza za Obren, mwamuna wa kumudzi komweko amene wakhala zaka khumi kunja kwa dziko, ku Graz, akuyala matailosi. Wabwera ndi galimoto yaitali, wafika kale kunyumba kawiri, ndipo amayi a Obrenyo ndi mayi Milka akumacheza pafoni ngati atsikana. Anthu onsewo aitanidwa ku slava, phwando la banja la tsiku la Nikola Woyera, lomwe linali litatsala masiku asanu ndi anayi.

Kosta anayamba kupukuta sipanala yoyera kale.

"Tiye tingowauza," anatero. "Kapena tipite ku Novi Sad tikalembetse kuboma, wansembe timusiye ndi buku lake."

"Nanga amayi aziwadzutsa ndani?"

"Tihomir ali ndi manja awiri."

"Manja a achimwene amadziwa kapu basi. Usandifunse zimene ukudziwa kale, Kosta."

"Ndatopa kukhala mlongo wako, Senka. Chitumbuwa chilichonse chimene amayi ako amanditumizira chimanditsamwa."

Senka anaseka, koma misozi inali pafupi. Ankamukonda munthu ameneyu, ndi mafuta ake m'zikhadabo, ndi ukali wake pa nkhani ya kupopa matayala. Anamupempha kuti apirire mpaka slava ipite, Obren abwerere kwawo kwa matailosi, kenako aona chochita. Mawu amenewa anali atawanenapo kale, pa Pasaka ndi pokolola mphesa, ndipo onse awiri ankadziwa.

Atayang'ana nthawi anadzidzimuka. Amayi ankayenera kumwa mankhwala 3 koloko isanakwane, ndipo batire kuti lidzaze linkafuna maola anayi. Ndi kamzere kamodzi sakanafika ngakhale pa mtanda wa m'tsinde mwa phiri. Kosta sanachedwe. Anazula batire la njinga yake, yomwe inali ya mtundu womwewo, n'kulilowetsa m'njinga ya Senka. Linalowa kuti khethe, timizere tonse tisanu tinayaka, ndipo anagwirizana kuti adzasinthananso Lachinayi linalo.

Pa changu chimenecho onse awiri anaiwala chinthu chimodzi. Kosta amalemba dzina la mwini pa batire lililonse ndi cholembera choyera, mbali yoyang'ana kuchitsulo, kuopa kusokoneza a makasitomala. Tsiku lina m'chilimwe Senka anamulanda cholemberacho, ati wolemba anzake nayenso alembedwe, ndipo pa batire la Kostayo analemba ndi dzanja lake lopendekeka lija: "Mwini batire ndi Kosta. Mwini Kosta ndi Senka."

*

Aliyense wokhala ndi njinga yamagetsi amadziwa kuti m'nyengo yozizira batire siligona m'shedi. Senka atafika anachita monga mwa masiku onse. Analizula, analowa nalo kukhitchini, analiika pa shelefu ya pawindo kutali ndi mbaula kuti liyambe lafunda lisanatchajidwe. Pansi pa shelefu imeneyo ndi pamene panali mpando wa mayi Milka. Anawapatsa mankhwala, n'kutuluka kukatsekera nkhuku.

Pobwera anapeza amayi atavala magalasi. Batire linali litatembenuzidwa, kolembedwako kwayang'ana kukhoma. Senka anaima pakhomo. Anakumbukira zonse nthawi imodzi, cholembera, chilimwe, ndi kuseka kwake kwa tsiku lija.

"Mabuleki akonzedwa?" anafunsa mayi Milka.

"Akonzedwa, amayi."

"Mlongo wako ali bwanji?"

"Ali bwino."

"Mulungu amusunge. Ndi mwana wa kum wathu."

Anavula magalasi, anawapinda bwinobwino, n'kupempha tiyi. Senka akanakonda akanamukalipira, akanamugenda ndi ndodo yawo ija, chifukwa munthu wokalipa umatha kumuyankha.

M'mawa mwake a Tihomir anabwera atavala nkhope ya munthu wotumidwa. Anati msewu wa phiri wayamba kuterera, amayi sakugona ndi nkhawa, choncho njinga ipume mpaka nyengo itasintha. Mankhwala azikagula okha pa galimoto, yomwe mwadzidzidzi inali itachira. Ananyamula batire litakulungidwa kale m'thaulo, ati akalisunga kwawo kofunda, ndipo anatenga ndi tchaja yomwe. Zolembedwazo sanazione. Mayi Milka anali atamanga thaulolo ndi chingwe mfundo ziwiri.

*

Masiku otsatirawo Senka anakhala ngati nkhuku yomangidwa mwendo. Ankaphika, ankachapa makatani a phwando, ankasenda mtedza, ndipo mpata ukapezeka ankathawira kuseri kwa shedi kumene foni imagwira.

"Amayi aona," Senka anamulembera Kosta.

"Ati chiyani?"

"Palibe. Ndi chimene chikundiopsa."

"Ndibwere ndidzalankhule nawo."

"Usayerekeze. Ukabwera tsiku lisanafike mudzi wonse ufunsa."

"Ndiye tsika iweyo. Phiri silifuna batire potsika."

Uthenga umenewo anauwerenga kangapo. Zinali zoona. Analowa m'shedi, anagwira njinga ija, anaona dzenje pamene pamakhala batire. Kutsika akanatsika, mphindi makumi awiri zokha ali ku Irig. Koma njinga imeneyo popanda magetsi ndi chitsulo cholemera, ndipo palibe munthu amene angaikweze phiri la Jazovnik ndi miyendo yokha. Kutsika kunali kutsikiratu. Anaima pamenepo mpaka anamva ndodo ya amayi ikugogoda pansi kukhitchini, katatu, monga amachitira akafuna kupita kuchimbudzi. Anatseka shedi n'kupita.

Lachiwiri kunabwera Obren ndi bokosi la chokoleti. Kunena chilungamo sanali munthu woipa, ngakhale Senka anayesetsa kumupezera chifukwa. Anali wamtali, wa dazi loyamba kumene, wolankhula mokweza ngati onse ozolowera kugwira ntchito pakati pa makina. Anasuzumira m'shedi n'kuseka kuti mkazi ngati Senka sayenera kuzizidwa pa chitsulo ngati wopereka makalata, pomwe m'galimoto mwake mipando imafunda yokha. Kenako, akumwa khofi, anauza mayi Milka kuti watopa ndi dziko la eni, akufuna kubwerera kumudzi. Nyumba ya bambo ake aikonza, ndipo pansi amangapo chipinda chopanda masitepe, cha bafa la zogwirira, choyenera munthu wovutika chiuno. Ponena zimenezi sanayang'ane Senka, koma makutu ake anafiira.

Mayi Milka anamuthirira khofi wachiwiri ndi dzanja lawo, chinthu chimene sanachitirepo ngakhale wansembe.

*

Madzulo a tsiku loti mawa ndi slava, dzuwa lisanalowe, Senka ankasambitsa amayi ake. Anaganiza kuti ngati salankhula tsopano sadzalankhulanso. Anayamba ndi kunena kuti za Obren iye sanavomere.

"Sunakanenso," anatero mayi Milka.

"Ndikana."

"Kana. Pakamwa ndi pako. Koma ukane pamaso pa anthu, ndipo akakufunsa chifukwa uwauze."

"Amayi, zimene munaona pa batire zija..."

"Sindinaone kanthu. Maso anga ndi okalamba." Anamugwira dzanja, siponji ikudontha pakati pawo. "Tamvera, mwanangu. A Jevrem anakunyamula uli ndi masiku makumi anayi, unawakodzera malaya atsopano, iwo n'kumaseka. Bambo ako atamwalira, woyamba kufika pakhomo pano anali iwo. Ndikafa ine, kandulo yanga adzagwira ndi a m'nyumba imeneyo. Ukufuna ndipite kumanda anthu akunong'onezana kuti mwana wa Milka anagona ndi mlongo wake?"

"Si mlongo wanga. Magazi athu ndi osiyana."

"Ukawauze zimenezo anthu a ku tchalitchi."

Senka anawatsuka msana mwakachetechete. Unali msana waung'ono, wopindika, mafupa akuwerengeka. Anawakwiyira kwambiri, ndipo pa nthawi yomweyo anawamvera chisoni. Anawapukuta, anawaveka, anawanyamula kuwaika pabedi monga ankachitira tsiku lililonse kwa zaka zinayi. Kosta anamulembera kuti mawa abwera, ndipo akangomupatsa chizindikiro alankhula pamaso pa onse. Senka anayankha kuti aona chochita, mawu omwe aja.

*

Slava ya Nikola Woyera imagwa m'nyengo yosala nyama, choncho patebulo panali nsomba yokazinga, nyemba zowotcha mu uvuni ndi masamba a kabichi okulungira mpunga. Kandulo yaikulu inayaka kuyambira m'mawa. Pofika masana nyumba inali itadzaza: a Tihomir ndi akazi awo, anansi, Obren ndi amayi ake atavala ndolo za ku Graz.

Kosta anafika yekha pa basi ya ku Irig, mtunda wotsalawo anakwera wapansi, chikwama chili kumsana. Anati bambo ake miyendo yawakaniza, atumiza moni. Anapsompsona mayi Milka katatu m'masaya, analandira supuni ya tirigu wophika kwa Senka osamuyang'ana, kenako anatulutsa m'chikwama batire la Senka, lodzaza, ati analisunga kuti alione bwino.

Mayi Milka anamuthokoza kwambiri. Anauza Tihomir kuti alitenge akalisunge kwawo, ndipo abweretse lija la m'thaulo. Atabwera nalo, mayi Milka analipereka okha m'manja mwa Kosta, akumwetulira.

"Lako ili, mwanangu. Ndalipukuta ndi mankhwala ochotsera utoto. Linali ndi zolembalemba za ana."

Kosta anati zikomo. Anakhala pamalo a kum, kumutu kwa tebulo, pafupi ndi kandulo, ndipo sanadye kanthu. Obren, atamwa pang'ono, anamufunsa ngati njinga zimenezi zimagulitsika zikagwira ntchito chaka chimodzi, chifukwa akudziwa ina imene mwini wake posachedwa saziifunanso. Anthu anaseka. Kosta anayankha kuti njinga imeneyo inasankhidwira munthu mmodzi, pa wina chishalo sichingakwane. Anthu anasekanso, osadziwa chimene akuseka.

Nsomba itatha, a Tihomir anaimirira. M'dzanja anali ndi botolo la rakija, kachasu wa zipatso, lomangidwa kansalu koyera pakhosi, ndi apozi wofiira. Senka, yemwe ankalowa ndi thireyi ya makapu a khofi, analiona botololo n'kuima pomwepo. Botolo lotero salinyamula pa zinthu wamba.

A Tihomir anakonza kukhosi. Anati pa tsiku lodalitsika ili, pamaso pa woyera wa banja, ali ndi nkhani yabwino. Obren wapempha dzanja la mlongo wawo, amayi avomera, iwonso avomera, ndipo Mulungu akalola ukwati udzakhala mu Meyi, Pasaka ikapita. Anthu anawomba m'manja. Amayi a Obren anayamba kulira. Palibe amene anafunsa Senka, ndipo mayi Milka anamuyang'ana nthawi yonseyo, kumupatsa mpata uja anamulonjeza, woti akane pamaso pa anthu.

Kenako a Tihomir anatembenukira kumutu kwa tebulo. Anati ukwati wopanda kum si ukwati, ndipo popeza Obren makum a kwawo anatha onse, mabanja awiri agwirizana kuti mwambo utsate wa nyumba ino. Anatambasula botolo lija kwa Kosta.

"Udzaime kumbuyo kwawo, m'bale wanga. Udzawasinthe zisoti zaukwati, ndipo ana awo udzawanyamule pa ubatizo monga bambo ako anatinyamulira ife."

Mwana aliyense wa kwathu amadziwa kuti pempho limeneli salikana. Wokana ayenera kunena chifukwa, ndipo chifukwacho chimakhala chothetsa ubale mpaka kwa adzukulu.

Kosta anaimirira pang'onopang'ono. Anati ndi ulemu waukulu, koma bambo ake ali moyo, udindowo ndi wawo, ndipo mwana sangalumphe bambo ake. Anali mawu anzeru, anansi anagwedeza mitu. Senka anapuma pang'ono.

"Wanena bwino," anatero mayi Milka mofatsa. "N'chifukwa chake ndinayamba ndawaimbira a Jevrem dzana. Ati miyendo yawo siingaime ola lonse m'tchalitchi. Akupatsa iwe udindowo ndi madalitso awo. Analira ndi chimwemwe pafoni, mkulu uja."

Apa Kosta anachita chimene anapewa tsiku lonse. Anayang'ana Senka, molunjika, pamaso pa anthu onse. Sanali kupempha zambiri. Liwu limodzi, ngakhale kungopukusa mutu, iye akanalankhula zonse n'kusenza zotsatira zake. Senka analimva liwulo likukwera kukhosi. Koma pafupi ndi Kosta panali amayi ake, atagwira ndodo ndi manja awiri, ndipo manjawo ankanjenjemera moti ndodo inkagogoda pansi yokha. Anali asanawaonepo akuchita mantha chotero.

Senka anatsitsa maso pa thireyi.

Kosta anadikirabe. A Tihomir anayamba kuseka mwamanyazi, ati dzanja latopa. Kandulo inathetheka. Pamapeto pake Kosta anatambasula dzanja lake la mafuta m'zikhadabo lija, analandira botolo, anachotsa chotsekera n'kumwa, monga mwambo umafunira.

"Zikhale ndi mwayi," anatero, mawu ake osagwedera n'komwe. "Ndidzaima kumbuyo kwako, Senka."

Anthu anaimirira kukumbatirana, Obren anamupsompsona Kosta katatu n'kumutcha kum, ndipo wina anauza Senka kuti agawe khofi asanazizire. Anagawa, kuyambira kumutu kwa tebulo.